Kope limene ndinagula ku Cape Town

Tsiku loyamba ku Constantia, dera la minda ya mphesa ku Cape Town, ndinalawa vinyo wa mitundu 12, koma pofika usiku zonse zinali zitasokonekera m'mutu. Phiri ndinkalikumbukira. Mphepo yamphamvu ija imene anthu a ku Cape Town amaitcha Cape Doctor ndinkaimvabe m'makutu. Koma mkazi wanga atandifunsa kuti, "Kodi bambo, woyera uja munamuyamikira kwambiri masana anali uti?" ndinangoti kukamwa yasa. Zinandikhudza, poti ulendowu ndinausungira ndalama kwa nthawi yaitali. Kutacha ndinagula kope lokwana m'thumba la malaya ndi pensulo, kenako tinabwerera komweko.

Unali mwezi wa Febuluwale, nthawi yokolola mphesa. Ku Groot Constantia, munda umene Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, anauyambitsa mu 1685, mathalakitala ankadutsa atasenza mphesa, ndipo fungo la madzi ake atayamba kuwira linkamveka ngakhale panja. Ndinakhala pansi pa mtengo n'kutsegula tsamba loyamba. Apa m'pamene ndinaganiza za Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika ku Cape, amene pa 2 Febuluwale 1659 analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku, uku akuthokoza Mulungu, kuti tsikulo afinya vinyo koyamba kuchokera ku mphesa za ku Cape. South Africa imadziwa tsiku lenileni limene vinyo wake anabadwa chifukwa munthu wina anagwira cholembera. Koma amene ankalima, kuthyola ndi kufinya mphesa m'minda ya Constantia anali akapolo, mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834, ndipo ambiri a iwo analembedwa pamndandanda wa katundu wa mwini munda. Mawu oyamba m'kope langa anali onena za iwowa, ndisanalawe kalikonse.

Kalembedwe ndinakaphunzira ndikulakwitsa. Poyamba mtsikana wothira vinyo ankati akatsanula amayamba kufotokoza kuti mumva gwafa, uchi ndi maluwa. Ine ndikanunkhiza ndinkamvadi gwafa, uchi ndi maluwa, ndipo ndinkalemba zomwezo. Nditawerenga masamba atatu ndinaona kuti ndalemba zakukamwa kwake, osati zamphuno yanga. Ndinamupempha mwaulemu kuti azindipatsa kamphindi ndisanamve maganizo ake, ndipo anavomera akumwetulira. Kuyambira pamenepo ndinkalemba dzina la munda, mtundu wa mphesa ndi chaka chimene zinakololedwa, kenako n'kupendeketsa galasi pamwamba pa tsamba loyera kuti ndione mtundu wake, kuligwedeza pang'ono, kununkhiza, kulawa. Pa Chenin blanc wina, mphesa zimene akale kumeneko ankazitcha Steen, ndinalemba kuti: "Fungo la apozi wosapsetsa wongodulidwa kumene. Amawawasa m'mbali mwa lilime mpaka malovu kutuluka. Ndikameza kukoma kumatsala nthawi yaitali." Si mawu a akatswiri, koma ndikawawerenga lero malovu amadzadzanso m'kamwa.

Chidebe cholavuliramo chimene amaika patebulo musamachite nacho manyazi. Masamba a tsiku limene ndinkameza chilichonse amaoneka okha: kumayambiriro zilembo zili bwinobwino, kumapeto mizere yapendama ndipo vinyo aliyense ndi "wokoma".

Ku Stellenbosch, tauni yamisewu ya mitengo ya oak imene van der Stel yemweyo anaikhazikitsa mu 1679, n'kumene kopeli linandithandiza koposa. Ndinkafunitsitsa kulawa Pinotage, mtundu wa mphesa umene unabadwira konko mu 1925, pamene Abraham Izak Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa mphesa za Pinot noir ndi za Cinsaut. Woyamba amene ndinamulawa, pamunda wina umene sindiutchula, anandikhumudwitsa. Ndinalemba kuti: "Utsi, mphira wopserera, amaotcha kukhosi. Sindingagule." Chamwayi m'mphepete mwa tsambalo ndinali nditalembanso nthawi ndi nyengo: 3 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, botolo lili patebulo lapanja.

Patapita masiku awiri, pamunda wina, bambo wina wogwira ntchito m'chipinda chosungiramo vinyo anatilowetsa mkati. Munali kuzizirira ndi kamdima, migolo ya matabwa itandandalikidwa mizeremizere. Mgolo umodzi wotere umalowa malita 225, omwe ndi mabotolo pafupifupi 300. Pamgolo uliwonse panali zolemba za choko, ndipo pakhomo panapachikidwa bolodi la mapepala othimbirira ndi madontho ofiira. Anatifotokozera kuti vinyo akamawira amayeza shuga ndi kutentha tsiku lililonse n'kulemba, chifukwa shuga akasiya kutsika nthawi isanakwane ndiye kuti pali vuto. Amalembanso tsiku limene awonjezera vinyo m'migolo, poti wina amauluka kudzera m'matabwa, ndipo mpata ukatsala mpweya umalowa n'kumuwononga. Ndinamuyang'ana akutsatira manambala ndi chala chake chothimbirira, ndipo kakope kanga ndinayamba kukalemekeza.

M'menemo anatithirira Pinotage wozizira bwino. Ndinalemba kuti: "Zipatso zakuda zakupsa, kautsi kapatali, amakakala pang'ono m'nkhama koma mofewa." Madzulo ndinaika masamba awiriwo pamodzi. Minda inali yosiyana, opanga osiyana, komabe mawu aja a m'mphepete anandiuza zambiri: vinyo wofiira akatentha, ukali wa mowa ndi umene umatsogola n'kuphimba fungo la zipatso. Pakanapanda kope ndikanabwerera kwathu ndikuuza aliyense kuti Pinotage ndi woipa, chikhalirecho ndinamuweruza ali padzuwa.

Tsamba lina ndi la botolo lowonongeka. Fungo lake linali ngati la katoni yonyowa yokhalitsa pansi. Ndinazengereza kunena, koma wothirayo atanunkhiza anagwedeza mutu, n'kunena kuti vuto lachokera ku chitsekero, kenako anatsegula lina. Vinyo yemweyo, chaka chomwecho, koma wachiwiriyu ankanunkhira maula akupsa. Ndinalemba onse awiri moyandikana kuti mphuno yanga isadzaiwale kusiyanako.

Ku Franschhoek, kumene Afalansa othawa kuzunzidwa chifukwa cha chipembedzo anakhazikika kuyambira mu 1688, tinangokhalako theka la tsiku, ndipo ndinalemba zochepa. Lilime linali litatopa.

Tinabwerako ndi mabotolo anayi. Ndinawagoneka chammbali m'kabati yamdima, kutali ndi khitchini, kuti chitsekero chisaume. Kumasamba akumapeto a kope ndinajambula mizere: dzina, chaka, tsiku logula, malo amene botolo lagona, ndi chaka chimene ndikufuna kudzalitsegula. Chenin uja tinamumwa kale, ndipo pansi pa mawu a ku Constantia ndinawonjezera kuti apozi uja wayamba kumveka ngati wophika. Pinotage wa m'chipinda chozizira chija bambo aja anandilangiza kuti ndimusiye zaka zisanu. Pansi pa dzina lake ndasiya theka la tsamba losalemba, ndipo pensulo ndinaimangirira ku kope ndi ulusi.