Kutsitsa Benz yakale ku Chipata: musakhudze sipuling'i ya kutsogolo popanda kompuresa yake

Galimoto yatsika tsopano ndipo ikuyenda bwino, koma mtima wanga sunakhalebe pansi pa zomwe anandichita pa galaja ina m'tauni muno. Ndilembe zonse zikadali m'mutu, mwina wina apulumukirapo.

Yanga ndi Mercedes-Benz 230E ya 1982, ya mtundu wa W123, zija ankapanga kuyambira 1976 mpaka 1986. Masipuling'i a kumbuyo anali atatopa, galimoto ikuyenda chogwada, mphuno ili m'mwamba. Poti kusintha kunali kosapeweka, ndinasankha otsitsa pang'ono, mamilimita 35 basi. Amene amadziwa mahampu a mu Chipata ndi misewu ya m'makomboni nthawi ya dzinja sangapitirire apo.

Za kuitanitsa sindichulukitsa. Masipuling'iwo anachokera ku Johannesburg, kufika ku Lusaka, kenako pa basi kudzera Great East Road. Chachikulu n'kuuza wogulitsa injini yanu yeniyeni. Ya dizilo, monga 240D kapena 300D, ndi yolemera kuposa ya petulo ngati yangayi, ndiye masipuling'i a kutsogolo amasiyana. Benz yaitali ija ya katundu, kumbuyo kwake imadzikweza yokha ndi mafuta, imeneyo ndi nkhani ina.

Tsopano apa m'pamene pali nkhani. Sipuling'i ya kutsogolo ya W123 siili ngati ya Corolla, yomwe imakuta shoko n'kuchotsedwa zonse pamodzi. Iyi imaima payokha pakati pa mkono wa pansi (chitsulo chogwira wilo) ndi thupi la galimoto, ndi yaitali, ndipo imakhala itapanikizika koopsa ngakhale galimoto ili pa jeke. Imafuna kompuresa (chida chopanikizira sipuling'i) ya mkati: mbale ziwiri zachitsulo zolowa pakati pa mapindi a sipuling'i, ndi ndodo yodutsa pakati, yolowera pa bowo la m'chipinda cha injini. Zija za ngowe zogwira kunja sizikwana. Ikapulumuka sipuling'i imeneyi imathyola dzanja, ikhozanso kupha munthu.

Ndinafunsa mwini galaja momveka bwino ngati ali nayo kompuresa ya mbale. "Tili nayo abwana, ma Benz timawadziwa ife. Bweretsani m'mawa, musiyeko kangachepe." Ndinasiya ndalama yoti ikanagula thumba la feteleza. M'mawa mwake anyamata anachotsa mawilo onse anayi msangamsanga, galimoto n'kuikhazika pa zitsa, bwana wawo n'kunena kuti akukatenga chida kwa mnzake ku Kapata. Kupita kunali komweko. Foni ikuitana osayankha. Ine ndili pa benchi, dzuwa likuswa mtengo, galimoto ilibe miyendo moti sindikanatha kuchoka nayo. Ntchito yanga ya tsikulo inafera pomwepo. Ndimati ndikafunsa anyamata, yankho n'lakuti "ali m'njira, mdala", mpaka nsima ya masana inapita.

Dzuwa litapendeka ndi uyo akubwera, m'manja muli ndodo ziwiri za ngowe zija za Corolla, mazinga ake atadyeka, ngowe imodzi yochita kuwotcherera. Ndinati si iyi tinagwirizana. Akuti, "Abwana musade nkhawa, tachitapo zambiri." Asanamalize n'kulankhula komwe mnyamata anali atayamba kale kumanga. Ndinaona ndi maso angawa ngowe imodzi ikutsetsereka pang'onopang'ono kutsata mapindi mpaka inakagundana ndi inzake mbali imodzi, sipuling'i n'kupindika ngati uta, mimba yake italoza pachifuwa pa mwana wa eni ake amene anagwada pamenepo. Ndinakuwa kuti amasule pompo. Mwanayo mwina sanafike n'zaka 20 zomwe, ndipo bwana wake anaima patali, manja m'thumba. Zimenezi n'zomwe zikundiwawa mpaka lero, kuposa ndalama.

Ataona kuti zakanika, anayamba zoti tingowotcha masipuling'i akalewo ndi gasi ali momwemo kuti atsike okha, kapena tiwadule ndi girenda. Anzanga, mukamva mawu amenewa chotsanipo galimoto yanu. Moto umapha mphamvu ya chitsulo, sipuling'i imafooka mosalingana, mbali ina pansi ina m'mwamba, kenako imathyoka muli pa liwiro. Ndipo atsopano anali ali m'buti, ndiye kuwotcherako kunali kwa chiyani? Ndalama yanga anakana kubweza, ati anyamata agwira ntchito yochotsa mawilo. Ndinangoti abwezere mawilowo ndizipita, mabawuti ndinamanga ndekha.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Musanachotse kalikonse, imikani galimoto pamalo osalala, muyeze kuchokera pakati pa wilo kufika pa mlomo wa fenda, mbali zonse zinayi, mulembe papepala. Popanda manambala amenewo simudzadziwa ngati yatsika mofanana.

Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wa kufupi ndi Katete, yemwe wakhala akukonza ma Benz kuyambira kale. Dalaivala wa takisi ndiye anandilozera. Ndisanayatse n'galimoto ndinawauza pa foni kuti anditumizire chithunzi cha kompuresa pa WhatsApp, ndipo inunso muzitero: muione kaye ndi maso musanapereke ngakhale ngwee imodzi. Nditafika anaitulutsa itakulungidwa m'saka, mbale zake zopakidwa girisi. Analowetsa mbale ya pansi, kenako ya pamwamba, kusiya mapindi ambiri pakati, ndodo n'kuitsitsira pa bowo, kuizunguza mpaka mano ake atakola m'mbale ya pansi. Anaigwedeza kuti atsimikize, n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, khalani cha uko, osati kutsogolo kwake." Anamanga ndi sipanala ya pamanja, mwakachetechete, sipuling'i n'kutuluka ili chowongoka. Poimasula anaigoneka pansi, yoloza kukhoma.

Pamwamba pa sipuling'i iliyonse pamakhala labala. Malabala amenewa ali ndi timabampu m'mphepete tosonyeza kuchindikala kwake, kutsogolo kuyambira kamodzi mpaka tinayi. Ndi amene amawongolera msinkhu ngati mbali ina yatsika kuposa inzake, choncho mugule atsopano, akale amakhala ataphwanyika. Nsonga ya pansi ya sipuling'i ili ndi pokhalira pake pa mkono, ikapanda kulowa pamenepo muzimva kugogoda pa bampu iliyonse.

Kumbuyo kunalibe mavuto ambiri. Shoko imadutsa mkati mwa sipuling'i, ndipo nati yake ya pamwamba ili kuseri kwa mpando wa kumbuyo, ndiye mpando wonse uyenera kutuluka. Mashoko ndinasinthiratu onse anayi, chifukwa sipuling'i yaifupi ndi yolimbirapo, shoko yotopa singaigwire, galimoto imangodumphadumpha. Mdalayo anapezanso kuti ball joint (cholumikizira wilo ku mkono) ya pansi kumanzere yayamba kusewera, tinasintha pomwepo sipuling'i ikadali kunja. Kusiya kukanatanthauza kudzafunanso kompuresa ija.

China chomwe anachita, chomwe pa galaja ija sakanachiganiza n'komwe: mabawuti a mabushi (malabala a pomwe mikono yalumikizana ndi galimoto) sanawamange kotheratu galimoto ili m'mwamba. Anaitsitsa kaye pansi, kuikankha kutsogolo ndi kumbuyo, kenako kumanga kulemera konse kuli pa matayala. Mukamanga ili pa jeke, labala wa bushi amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika.

Alayimenti musathamangire tsiku lomwelo. Yendani nayo kaye sabata imodzi kapena ziwiri masipuling'i akhazikike. Kutsogolo camber (kupendeka kwa wilo mkati kapena kunja) imasinthika ndi bawuti ya pa mkono wa pansi. Kumbuyo kulibe chosinthira, mawilo amapendekera mkati pang'ono galimoto ikatsika, ndiye muziyang'ana matayala cha mkati kawirikawiri. Magetsi a kutsogolo nawonso muwawongole, makamaka ngati nthawi ya fitinesi ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, yayandikira.

Pa msewu wa ku Mwami imagwira bwino m'makona, sikupendamanso monga kale. Mahampu ndimawakwera mopingasa, pang'onopang'ono, makamaka ndikanyamula anthu kumbuyo, poti sampu (mokhala oilo kunsi kwa injini) ndi ekizozi zayandikira pansi. Ya ku munda ndasiya kupita nayo mpaka mvula itatha.

Ndibwerezenso za kompuresa: ya mbale ziwiri ndi ndodo ya pakati, muione musanalole munthu kuchotsa wilo ngakhale limodzi. Mawilo akangochoka mulibenso mphamvu, mudzakhala pa benchi mpaka madzulo. Ngati mu Chipata simunaipeze, funsani ku Katete, ku Petauke, ngakhale kutsidya ku Lilongwe, kapena muitanitse yanuyanu pamodzi ndi masipuling'iwo.