Masiku 17 ndikulonjerera ndalama zanga: kubetcha pa foni kuno ku Indiana

Ndalama zalowa lero m'mawa. Madola 345 amene ndakhala ndikuwalonjerera kwa masiku 17 ngati ngongole ya m'bale wovuta ndawaona ndi maso anga mu akaunti ya kubanki, ndipo mtima wakhalako pansi. Koma mkwiyo sunathe ayi. Ndati ndilembe zimenezi ukadali wotentha, kuti abale anga a kuno ku South Bend, Mishawaka, Elkhart mpaka ku Indianapolis amene mumakonda kubetcha musadzapunthwe pa chitsa chomwechi.

Ambiri amandifunsa monong'ona ngati n'zololedwa. Eya, n'zololedwa. Khoti lalikulu la America litathetsa mu Meyi 2018 lamulo limene linkatsekereza nkhani zimenezi, state iliyonse inayamba kudzisankhira yokha. Kuno bwanamkubwa wa nthawi imeneyo, Eric Holcomb, anasainira lamulo mu Meyi 2019, m'makasino anayamba kulandira mabetcha pa 1 Sepitembala, ndipo pa foni zinatsegulidwa pa 3 Okutobala chaka chomwecho. Amene amayang'anira ndi a Indiana Gaming Commission. Muyenera kukhala ndi zaka 21, ndipo pa nthawi imene mukudina kuti mubetche, thupi lanu likhale mkati mwa Indiana. Makampani ovomerezeka alipo angapo: DraftKings, FanDuel, BetMGM, Caesars, BetRivers, bet365, Fanatics ndi ena. Mndandanda wake uli pa webusaiti ya Commission, ndipo kampani imene mulibe mmenemo ithaweni, ngakhale mnzanu wakuntchito akuitamanda chotani. Ikadzakudyerani ndalama mulibe kokadandaula.

Imene ndinasankha ine sindiitchula. Koma mmene ndinasankhira ndinena, chifukwa ndi pamene ndinayambira kuphonya. Ndinasankha ndi maso. Mukamaonera mpira kuno mayina a makampani amenewa ali paliponse. NFL, ligi ya mpira wa chiAmerica, inasainirana mgwirizano ndi Caesars, DraftKings ndi FanDuel mu 2021, chaka chomwecho a Colts, timu ya ku Indianapolis ya mu ligi imeneyo, anagwirizana ndi Caesars, ndipo kanema amene ankaonetsa masewero a Pacers, timu yathu ya basketball, uja ankatchedwa Bally Sports, mu Okutobala 2024 anasinthidwa dzina kukhala FanDuel Sports Network. Ndiye mutu umangodziuza wokha kuti kampani imene dzina lake laima pafupi ndi chizindikiro cha timu ndi yodalirika pa chilichonse. Mgwirizano umenewo ndi malonda basi. Kampani imalipira, timu imapereka malo oika dzina, mwina chipinda chapadera pa bwalo ndi matikiti opatsa makasitomala akuluakulu. Akaunti yanu ikatsekedwa, timu ilibe nanu gawo. Simungakagogode ku Lucas Oil Stadium, bwalo la Colts, kapena ku Gainbridge Fieldhouse, bwalo la Pacers, kuti mundithandize, ndine sapota wanu.

Kulembetsa kunatenga mphindi zosakwana 10, ndipo sindikutayitsani nthawi ndi zodziwikiratu. Amafuna dzina, tsiku lobadwa, adiresi ndi manambala anayi omaliza a Social Security. Apa ndiye panali msampha wanga. Dzina la bambo anga lili ndi kachizindikiro kaja ka pamwamba kamene timaika polemba ng'ombe kapena ng'ona. Pa pasipoti kalipo. Pa laisensi yoyendetsera galimoto kalibe, zilembo zinangolumikizana. Kubanki anakachotsa n'kusiya mpata, moti dzina limodzi limaoneka ngati awiri. Ine polembetsa ndinalemba molondola, mmene agogo analilembera. App inandilandira bwinobwino, inalandiranso ndalama zanga popanda funso ngakhale limodzi. Abale anga, musanaike kobiri, tengani laisensi, khadi ya Social Security ndi sitetimenti ya kubanki, muziike pa tebulo limodzi, muone ngati dzina lalembedwa mofanana chilembo ndi chilembo. Enafe tili ndi dzina la ubatizo limene pepala lina linaika patsogolo, lina pakati. Konzani zimenezo kaye.

Poika ndalama ndinagwiritsa ntchito kirediti khadi. Musatero. Banki imawerengera ngati mwatapa ndalama za ngongole pa ATM, ndiye inandidula madola 10 nthawi yomweyo, chiwongoladzanja n'kuyamba kuwerengedwa tsiku lomwelo osadikira kutha kwa mwezi. Ndinaziona patapita masabata atatu sitetimenti itabwera. Lumikizani akaunti ya kubanki, debit khadi kapena PayPal, ndipo ikhale ya dzina lanu. Ya akazi anu kapena ya amuna anu ayi, ngakhale mumadyera mbale imodzi.

Manambala awo nawonso amasokoneza ife amene tinazolowera za kumudzi, kumene umangochulukitsa ndalama yako ndi 1.90 kapena 2.50 n'kudziwa chimene udye. Kuno amalemba -110 kapena +130. Ya kuchotsa ikutanthauza kuti uike madola 110 kuti upindule 100, ya kuphatikiza ikutanthauza kuti ukaika 100 upindula 130. M'ma settings muli posinthira kuti azioneka ngati akwathu aja, ndipo -110 imasanduka 1.91. Za bonasi zimene amakopera anthu, werengani bwino. Yanga inali ya masiku 7, ndipo ukawina nayo amakupatsa phindu lokha, ndalama ya bonasiyo sibwerera. Theka lake linandithera m'manja ndisanaligwiritse ntchito chifukwa sabata imeneyo ndinali wa usiku.

Za usikuzo zandikumbutsa china chimene ndikanayenera kunena poyamba. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Niles, kutsidya kwa malire ku Michigan, ulendo wa mphindi 20 kuchokera kunyumba. Ku Michigan nako kubetcha pa foni n'kololedwa kuyambira mu Januwale 2021, koma chilolezo chake n'china, ndipo app yanga kumeneko inkangokana. Foni imafufuza pamene mwaima. Ngakhale kunyumba kwenikweniko, poti tili pafupi ndi malire, nthawi zina inkati sikutha kutsimikiza kumene ndili mpaka nditayatsa Wi-Fi. Mnzanga wina anati ndiike VPN, pulogalamu yobisa kumene foni ili. Musayerekeze. Akakugwirani amatseka akaunti ndi ndalama zili momwemo, ndipo pamenepo wolakwa ndinu. Musatumenso munthu amene ali ku Indiana kuti akubetchereni pa akaunti yanu inu muli kwina, n'zoletsedwa.

Tsono nkhani yeniyeni. Pacers isanayambe kulimbana ndi New York Knicks mu Meyi 2025, ndinaika madola 150 kuti idutsa. Amene munaonera masewero oyamba aja pa 21 Meyi mukukumbukira mpira wa Tyrese Haliburton umene unagunda chitsulo, kukwera m'mwamba n'kugwera mkati nthawi itatha. Tinakuwa mpaka aneba anagogoda khoma. Pa 31 Meyi Pacers inamaliza ntchito, 4 kwa 2, ndipo akaunti yanga inaonetsa madola 345. Lamlungu m'mawa, tisanapite kutchalitchi, ndinadina kuti ndalama zipite kubanki. Madzulo ake imelo inabwera: akaunti yaimitsidwa, tikufuna kutsimikiza kuti ndinu ndani.

Chimene chinandiwawa n'chakuti poika ndalama sanafune kudziwa kuti ndine ndani. Funsolo analisunga mpaka tsiku lotenga.

Ndinatumiza chithunzi cha laisensi, kutsogolo ndi kumbuyo. Anati chawala kwambiri. Ndinajambulanso pa tebulo la kukhitchini, nditathimitsa getsi, pafupi ndi windo. Patapita masiku atatu anati tumizani chithunzi chanu mutanyamula laisensiyo pafupi ndi nkhope. Ndinatumiza. Kenako bilu ya magetsi yosapitirira miyezi itatu. Biluyo ili m'dzina la mayi a kunyumba, ndiye ndinatumiza sitetimenti ya kubanki, ija ya dzina logawika pawiri. Apo ndiye zinthu zinaima nji. Palibe amene anandiuza kuti vuto ndi dzina. Nthawi iliyonse ndikalowa pa chat ndinkapeza munthu watsopano, ndiyambirenso kufotokoza kuyambira pachiyambi, iye n'kundiyankha mawu omwe aja, akuti nkhani yanu ili ndi gulu lina, dikirani maola 72. Maola 72 amenewo ndinawadikira kanayi.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka pano chikundipweteka. Lamulo la kuno limati kampani iliyonse ya pa foni igwire ntchito pansi pa chilolezo cha kasino ya mu Indiana momwemuno. Munthu wina pa chat paja anandiuza kuti ndikhoza kukaonetsa mapepala anga pamaso ku kasino imene amagwira nayo ntchito. Ndinamufunsa kawiri, mukunena zoona? Anati inde. Ndinapempha tsiku kuntchito, shifiti ya maola 12 imene salipira ukapanda kubwera. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Abambo, mwawerengera mafuta ndi tsiku limene mukutayali? Zikuposa ndalama mukuzitsatirazo." Ndinati nkhani si ndalama, ndi dzina langa limene akulikayikira. Ndinanyamuka 6 koloko m'mawa ndi envelopu ya khaki, muli pasipoti, laisensi, khadi ya Social Security, green card, masitetimenti atatu ndi pepala la lendi ya nyumba.

Ndinayenda maola oposa awiri. Nditafika ndinaima pa mzere wa pa kauntala ya mabetcha, anthu asanu ndi mmodzi patsogolo panga, ma TV akuluakulu akuonetsa mahatchi ndi baseball. Mnyamata wa pamenepo anati za pa foni si zake, ndipite kwa osunga ndalama. Kumeneko mayi wina wachikulire wa magalasi a chingwe anatenga envelopu yanga, anatulutsa mapepala onse, anawayala bwinobwino pa kauntala, anayang'ana pa kompyuta, kenako anawasonkhanitsa n'kuwabwezera mu envelopu mwaulemu. Anati kompyuta yawo siona n'komwe maakaunti a pa foni, iwo amangobwereketsa chilolezo, makampaniwo ndi awiri osiyana. Anaitana bwana wake, bwanayo ananena zomwezo, n'kundilembera pa kapepala nambala ya foni imene ndinali nditaimba kale kasanu. Mphindi 25 zokha, ulendo wonse unathera pamenepo. Ndinakhala m'galimoto pamalo oimika magalimoto, dzuwa likuswa mtengo, manja akunjenjemera, osatha ngakhale kuliza injini. Mafuta a madola 40, malipiro a tsiku lonse, zonse zapita chifukwa cha munthu amene anangofuna kuti ndichoke pa chat pake.

Musapite ku kasino pa nkhani ya akaunti ya pa foni pokhapokha atakulemberani pa imelo, ndipo muimbire kasinoyo musananyamuke. Chilichonse chimene akuuzani pa chat, jambulani sikirini. Ine sindinajambule, ndiye pobwerera anakana kuti palibe amene angandiuze zotero.

Koma mayi wa magalasi uja ndi amene anandipatsa mfungulo osadziwa. Poyala mapepala paja analoza ndi chala n'kufunsa kuti, kodi dzina lenileni ndi liti pa atatuwa? Ndi pamene maso anga anatseguka. Mawa lake ndinapita kubanki ndi laisensi, anakonza dzina kuti lifanane ndi la pa laisensi, n'kundisindikizira kalata yotsimikiza. Zinatenga theka la ola. Kenako ndinasiya chat, ndinalemba imelo imodzi yaitali: masiku onse motsatana, zimene ndinatumiza, kusiyana kwa kalembedwe ka dzina ndi chifukwa chake, kalata ya kubanki, ndi pempho loti andipatse nambala ya dandaulo langa chifukwa ndikufuna kukalipereka ku Indiana Gaming Commission, amene amalandira madandaulo a anthu obetcha. Sindinatukwane, sindinaopseze. Patapita masiku awiri munthu wa dzina ndi udindo anandiyankha, anasintha dzina pa akaunti, n'kuitsegula. Chinthu chimene akanandiuza tsiku loyamba m'chiganizo chimodzi.

Ndibwerezenso, chifukwa ndi pamene pagona nkhani: fananitsani dzina pa mapepala onse musanaike ndalama. Mukatero ikani zochepa, madola 10 kapena 20, mubetche kamodzi, kenako yesani kutapa zotsalazo. Zikafika kubanki, ndiye kuti njira ndi yotseguka. Zikakanika, mwadziwa muli ndi madola 20 mkati, osati ndalama ya lendi.

Za msonkho musaiwale. Zimene mwawina ndi ndalama zoyenera kulembedwa pa mafomu a msonkho, kaya akutumizirani pepala la W-2G kaya ayi, ndipo ife amene nkhani za mapepala okhalira kuno sizinathe sitifunika kukhala ndi banga ku IRS, bungwe lotolera msonkho, chifukwa cha mpira. App imasunga mbiri ya chaka chonse, itsitseni mu Januwale. Ndipo ndinene mosabisa, m'masiku 17 amenewa ndinaona mmene mtima umakokera. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kutsegula akaunti ku kampani ina kuti ndibweze za mafuta zija pa masewero a Finals, omaliza olimbirana chikho cha basketball. Amene mwaona kuti zayamba kukulamulirani, nambala ya kuno ndi 1-800-9-WITH-IT, ndipo mu app iliyonse yovomerezeka muli poika malire a ndalama kapena podzitsekera kwa kanthawi.

Ine ndaika malire a madola 40 pa mwezi, ndachotsamo kirediti khadi ija, ndipo madola 345 aja ndawasamutsira ku akaunti imene timasungira fizi ya ana a mlongo wanga kumudzi. Mawa, pa 19 Juni 2025, Pacers ikulandira Oklahoma City Thunder ku Gainbridge Fieldhouse, masewero achisanu ndi chimodzi, ili kumbuyo 3 kwa 2. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga, tikaonera kwa achimwene ku Mishawaka, ndipo pa masewero amenewa sindinaikepo kalikonse.