Vuto la TV yakuchipinda nthawi zambiri silikhala pa TV

Teremu ino tili pa mutu wa kagawidwe ka siginolo ya TV m'nyumba: eriyo kapena dishi imodzi padenga, koma ma TV angapo, ina pabalaza, ina kuchipinda, mwina inanso m'nyumba ya kuseri. Chachikulu chomwe ndatolapo ndi chakuti chithunzi chikamadukaduka kapena mawu akasowa, munthu usathamangire kumasula TV. Uyambe walondola njira yomwe siginolo ikuyenda kuchokera padenga mpaka kuseri kwa TV, n'kuwerengera zomwe ikutaya panjirapo.

Kuwerengerako kumachitika mu ma dB (ma decibel), muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu ya siginolo. Poyamba manambalawa amaoneka ngati ongozunguza mutu, koma lamulo lake ndi losavuta: ukataya 3 dB, ndiye kuti theka la mphamvu lapita. Splitter, kachipangizo kogawa siginolo ku zingwe zingapo, ikakhala ya makomo awiri imadya pafupifupi 3.5 dB pa khomo lililonse. Ya makomo anayi imadya pafupifupi 7 dB, ya makomo asanu ndi atatu imafika cha m'ma 11 dB. Chingwe nachonso chimadya. RG6, chomwe ndi chingwe cha 75 ohms chogwiritsidwa ntchito kwambiri pa ntchitozi, chimataya cha m'ma 18 mpaka 20 dB pa mamita 100 pa ma frequency apamwamba a UHF, bandi yomwe matchanelo a pa eriyo amaulutsidwira, ndipo RG59 yopyapyala ija imataya koposa apo. Zili ngati mpope umodzi wa madzi womwe mwaugawira nyumba zinayi: wakumapeto amangolandira madontho.

Aphunzitsi anatipatsa chitsanzo chongopeka kuti tichite pabolodi. Eriyo ikutulutsa 60 dBµV, womwe ndi muyezo wa kukula kwa siginolo m'chingwe. Chingwe cha mamita 15 chotsika padenga chadya 3, splitter ya makomo anayi yadya 7, chingwe cha mamita 20 chopita kuchipinda chadya 4, zolumikizira zadya 1. Kuchipindako kwatsala 45, pomwe TV ya pabalaza, yomwe ili pafupi ndi splitter, ikulandira cha m'ma 49. Kusiyana kwake n'kochepa, koma pa dijito n'kokwanira kuti ina izionetsa bwinobwino pomwe inzake ikuuma.

Apa m'pamene dijito imasiyanirana ndi analogi ija tinakula nayo. Kale siginolo ikachepa, chithunzi chinkangodzadza mpunga, koma mpira unkaonerabe mpaka kumapeto. Pa DVB-T2, njira yomwe Kiliye Kiliye ndi GOtv amaulutsira kuno ku Malawi, dekoda imakonza yokha zolakwika zomwe zabwera ndi siginolo. Bola ikukwanitsa kukonza, chithunzi chimakhala choyera ngati palibe vuto. Zolakwika zikaichulukira, chithunzi chimasweka timabokosi, mawu amadumphadumpha, kenako zii. Ndiye chithunzi chokongola lero sichikutsimikizira kuti ntchito yagwiridwa bwino. Mwina yangotsala 1 dB kuti zonse zigwe, ndipo mphepo ikangogwedeza eriyo, foni ya kasitomala ilira.

N'chifukwa chake pa menyu ya dekoda pali mizere iwiri, wa strength ndi wa quality. Woyamba umanena kukula kwa zomwe zikufika, kaya ndi siginolo yeniyeni kaya ndi phokoso. Wachiwiri umanena kuyera kwake. Strength ikakwera koma quality ili pansi, kuwonjezera mphamvu sikungathandize. Apa ndili ndi mawu pa ma booster, zipangizo zokweza mphamvu ya siginolo, omwe adzadza m'mashopu a zamagetsi. Anthu ambiri amagula booster n'kuiika kuseri kwa TV, kumapeto kwa chingwe chachitali, pamene siginolo yafooka kale n'kusakanikirana ndi phokoso. Booster sisankha, imakweza zonse pamodzi. Malo ake ndi pafupi ndi eriyo, splitter isanafike. Ndipo ngati nyumba ili pafupi ndi nsanja youlutsira, booster ingathe kuononga zinthu, chifukwa siginolo yopyola muyezo imasokoneza tuner, gawo lolandira siginolo mu dekoda kapena TV, n'kubweretsa timabokosi tomwe tija. Zikatero mankhwala ake ndi attenuator, kachipangizo kochepetsa mphamvu. Kumuuza kasitomala kuti siginolo yake yachuluka, tiichepetse, pamafunika kulimba mtima.

Njira yofufuzira yomwe ndaikonda ndi yodula vuto pakati. Funso loyamba: kodi ma TV onse akuvuta, kapena imodzi? Ngati ndi onse, vuto lili kumtunda kwa splitter, ndiye eriyo, chingwe chotsika, kapena splitter yeniyeniyo. Ngati ndi imodzi, vuto lili pa nthambi yakeyo. Ukatero umachotsa splitter, n'kulumikiza dekoda mwachindunji pa chingwe chochokera padenga. Zikayera, wadziwa mbali yoyang'ana. Funso lachiwiri: ndi matchanelo onse, kapena ena okha? Chingwe chakale kapena cholowa madzi chimayamba kupha ma frequency apamwamba, choncho gulu lina la matchanelo limasowa, lina n'kutsala.

Kunena zoona, zambiri zimathera pa F-connector, kachitsulo kotchipa kaja kolumikizira kunsonga kwa chingwe. Kakalowa madzi, waya wolukana wa kunja amachita dzimbiri, ndipo madziwo amatsetsereka m'kati mwa chingwe mpaka kutali. Kudula nsonga yokha sikukwanira, umadula mpaka utapeza pouma ndi powala. Polumikiza panja pamafunika kukulunga ndi tepi ya labala yomata yokha, osati selotepi, komanso kupinda chingwe kuti chitsike kaye chisanalowe m'khoma, madontho azigwera pansi. Makomo a splitter osagwiritsidwa ntchito amatsekedwa ndi kachotsekera kotchedwa terminator ya 75 ohms kuti siginolo isamabwerere m'mbuyo.

Pa dishi nkhani imasintha, ndipo gawo ili ndi lomwe landisangalatsa kwambiri. LNB, kamutu kali kutsogolo kwa dishi, imalandira siginolo ya satelayiti pa ma frequency otchedwa Ku band, 10.7 mpaka 12.75 GHz, n'kuitsitsa kufika pa 950 mpaka 2150 MHz kuti ithe kuyenda m'chingwe. Magetsi ake imalandira kuchokera ku dekoda kudzera m'chingwe chomwecho, ndipo pa universal LNB magetsiwo ndiwonso malamulo: 13V imasankha matchanelo a mafunde oimirira (vertical), 18V a mafunde ogona (horizontal), ndipo kamluzu ka 22 kHz kamaiuza kuti isinthe kuchoka ku bandi yapansi kupita ku yapamwamba. Tsono taganizani, munthu wagula splitter wamba n'kulumikiza madekoda awiri pa LNB ya khomo limodzi. Wa pabalaza akufuna 18V, wa kuchipinda akufuna 13V. LNB singamvere mabwana awiri, ndiye wakuchipinda amadabwa kuti matchanelo ena amasowa pokhapokha pabalaza akayatsa. Yankho lake ndi LNB ya makomo awiri kapena anayi, dekoda iliyonse ndi chingwe chake, kapena multiswitch, bokosi lopatsa dekoda iliyonse zomwe yapempha, ngati ndi loji ya zipinda zambiri. Komanso poti m'chingwemo muli magetsi, kawaya kamodzi kakang'ono ka kunja kakakhudza waya wapakati, LNB imazima yonse.

Mvula yamphamvu ya mu Januwale imafooketsa Ku band, palibe chomwe tingachite. Koma ngati chithunzi chikuthawa ndi mvula yowaza chabe, dishiyo sinalunjike bwino kapena LNB sinapotozedwe pa ngodya yake.

Mavuto a mawu ali ndi khalidwe lawolawo. M'nyumba zambiri TV yachiwiri imalandira kuchokera pa khomo la dekoda lolembedwa RF out, lomwe limatulutsa analogi pa tchanelo china cha UHF. Chithunzi chikaoneka bwino koma mawu ali shiii, chingwe chilibe mlandu. Mu PAL I, njira ya analogi yomwe inkagwiritsidwa ntchito ku South Africa ndi ku Britain, mawu amakhala 6.0 MHz pamwamba pa chithunzi. Mu njira za mayiko ena, B/G amakhala pa 5.5, D/K pa 6.5. Ma TV athu amachokera kosiyanasiyana, ena a kaunjika, ndiye TV ikamafuna mawu pa 5.5 pomwe dekoda yawaika pa 6.0, singawapeze. Kungosintha sound system pa menyu, nkhani yatha, popanda kukwera padenga. Pa HDMI palinso zofanana nazo: dekoda ikamatumiza mawu mu njira ya Dolby Digital ku TV yosaidziwa, mawu amasowa pa matchanelo ena, ndipo kusintha pa menyu ya dekoda n'kuika pa PCM, njira wamba ya mawu a dijito, kumawabweza.

Lovuta kwambiri ndi mng'ung'udzo wapansi uja womveka m'masipika, nthawi zina limodzi ndi mizere yopingasa yokwera pang'onopang'ono pa chithunzi cha analogi. Umenewo ndi 50 Hz ya magetsi athu. Umabwera zipangizo zikalumikizidwa ku masoketi omwe earth yake si yofanana, makamaka nyumba yayikulu ndi ya kuseri, ndiye magetsi pang'ono amayenda pa waya wa kunja wa chingwe cha TV. Poyesa, umasolola chingwe cha eriyo, ndipo phokoso likaleka, wapeza podutsira pake. Pa chingwe cha eriyo umaikapo isolator, kachipangizo kodutsitsa siginolo n'kutsekereza magetsiwo, koma pa chingwe cha LNB siingaikidwe chifukwa idzatsekereza 13V ndi 18V zija. Ena amangothyola phini ya earth pa pulagi. Phokoso limathadi, koma tsiku lomwe chipangizo chidzachite shoti, magetsi adzadutsa mwa yemwe wachigwira. Pamenepo pamafunika kuitana wa zamagetsi adzakonze earth ya nyumba zonse ziwiri.