Kuthokoza Amene Anandithandiza pa Vuto la Sensa ya Oyilo

Ndalemba mawuwa pofuna kuthokoza abambo awiri osawadziwa amene anaima pamsewu ataona kuti ndatsegula boneti, komanso makaniko amene iwo anandiitanira.

Geji inkasonyeza kuti oyilo watentha kwambiri ngakhale kuti galimoto inali itangoyenda mphindi zochepa, ndipo ine ndinkaganiza kuti injini yatha. Inu abambo munayamba ndi kuyang'ana mulingo wa oyilo ndi madzi, ndipo mutapeza kuti zonse zili bwino, munandilangiza kuti ndisathamangire kugula chilichonse.

Kwa inu amakaniko, ndikuthokoza makamaka chifukwa simunalote vutolo. Makina anu atawerenga nambala ya P0197 mu kompyuta ya galimoto, yosonyeza vuto la magetsi a sensa yoyeza kutentha kwa oyilo, munayendera mawaya ndi pulagi poyamba, popeza waya wonyuka amapereka chizindikiro chomwecho. Kenako munayeza sensayo ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), n'kundifotokozera kuti sensa yabwino imatsekereza kwambiri magetsi oyilo akazizira ndipo imawalola kudutsa mosavuta akatentha, pomwe yangayo inkawadutsitsa nthawi zonse, n'chifukwa chake inkanamiza kompyuta. Kunena zoona, ndinali ndisanamvepo zoterezi.

Munadikira kuti injini izizire, munachotsa waya wa batire, munamanga sensa yatsopano ndi washala wake mosakhwimitsa mopitirira, ndipo munabwezera oyilo amene anatayika. Mutafufuta nambalayo, tinayesa galimoto mpaka geji inakhazikika pafupi ndi madigiri 100, popanda kudontha paliponse.

Zikomo kwambiri nonse atatu.