Spring reverb ya mu laputopu, zomwe ikundichitira pa gitala ndi snare

Anzanga omwe mumapanga ma biti kuno ku Salima, lero tikambeko za reverb, kamchira kaja komwe kamatsala mawu akalira ngati mu holo, koma osati ijayi yomwe aliyense amangoponya pa mawu a woyimba nkumati zatheka ayi. Ndikunena spring reverb, ya masipuling'i, yomwe inkakhala mma ampu akale a gitala ndipo pano ikupezeka ngati pulagini, kapulogalamu kowonjezera mu pulogalamu yopangira nyimbo. Nyimbo zambiri zomwe mafana amanditumizira pa WhatsApp kuti ndimveko zili ndi vuto limodzi, hall reverb ili paliponse, pa mawu, pa kiyibodi, pa gitala mpaka pa ng'oma, ndiye mu hedifoni zimamveka zazikulu ndithu koma ukangoiyika pa sipika ya mu minibasi yopita ku Senga Bay zonse zimangosakanikirana, sungadziwe gitala ili pati woyimba ali pati. Spring ndi ina. Siyesera kukunamiza kuti uli mu holo yayikulu, ili ndi kaliridwe kakekake kachitsulo, ndipo makutu athu anakazolowera kalekale ngakhale ambiri sitidziwa dzina lake.

Ine chinthu chenichenicho ndinachiona kwa madala ena okonza mawayilesi ndi ma ampu cha ku Kamuzu Road. Anali atatsegula ampu yakale ya gitala ya bandi ya ku tchalitchi, pansi penipeni panali kathumba kakuda, mkati mwake kabokosi kachitsulo kataliko pang'ono komwe amakatcha tanki. Atakatembenuza ndi pomwe ndinaona masipuling'i awiri owonda, otambasulidwa kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo, akungonjenjemera okha ngakhale munthu osawakhudza, kwina atayamba kale dzimbiri. Ndinati nditosepo ndi chala, madala aja anati "Iwe mwana wanga, tosa pang'onopang'ono, tiwaya ta kumapetoko tikaduka basi kwatha." Ampu inali yoyaka, ndiye nditangokhudza sipika inalira phwaaa ngati kukubwera mvula, anthu odutsa panja mpaka kucheuka.

Mmene chimagwirira ntchito ndi zosavuta kumva. Mawu a gitala amalowa mbali imodzi pomwe pali kakoyilo ndi kamaginito, kameneka kamapotokola sipuling'i ija mogwirizana ndi mawuwo, kunjenjemerako kumayenda mu waya mpaka mbali inayo komwe kakoyilo kena kamakusandutsanso mawu, koma sikuthera pomwepo, kumabwerera, kupitanso, kubwereranso mpaka mphamvu itatha. Chomwe chimapangitsa kuti imveke mwachilendo nchakuti mawu okwera ndi otsika sayenda liwiro limodzi mu sipuling'i, ndiye safikira pamodzi. Ukamenya chingwe cha gitala utachitsekera ndi chikhatho umamva kenakake kakuti thyo! ngati dontho la madzi likugwera mu ndowa yachitsulo. Kadontho kameneko ndiye chuma chonse cha spring reverb, pulagini yomwe ilibe kameneko ndiye kuti yangobwereka dzina.

Mbiri yake inayambira pa ma organ. Laurens Hammond wa kampani ya Hammond ku America anakalembetsa njirayi mu 1939, chifukwa organ yamagetsi ikamalira mnyumba kapena mu tchalitchi chaching'ono inkamveka youma. Kenako kampaniyo inachepetsa kabokosiko nkuyamba kugulitsa kwa ena, ndiye Fender mu 1961 anatulutsa bokosi la reverb loyima palokha lokhala ndi zopotokola zitatu basi, Dwell, Mixer ndi Tone, ndipo mu 1963 anaiyika mkati mwa ampu yotchedwa Vibroverb. Oyimba gitala za surf ku California anaikonda zedi. Koma kwa ife nkhani yeniyeni ili ku Jamaica, komwe mma 1970 King Tubby ku Waterhouse mu Kingston ankatenga nyimbo za reggae nkuzivula, kusiya besi ndi ng'oma, zomwe amazitcha dub, kenako nkumaponya snare, kang'oma kolira mokuthwa kaja, mu spring, nthawi zina ankachita kumenya bokosilo dala kuti lilire ngati bingu. Roland nawo mu 1974 anatulutsa Space Echo RE-201 yomwe ili ndi echo ya tepi komanso spring momwemo. Ndiye dziko ngati lathu lino lomwe reggae inakhazikika kuyambira ku Balaka mpaka ku Chileka, kaliridwe kameneka si kachilendo, tinakula tikukamva pa wayilesi komanso mma ampu a mabandi pa ukwati.

Tsopano za mu kompyuta. Ma pulagini a spring alipo amitundu iwiri ndipo kusiyana kwake nkofunika kwambiri kwa ife omwe ma laputopu athu ndi a kaunjika. Mtundu woyamba ndi wa convolution, apa munthu anatenga tanki yeniyeni, kuiponyera mawu, kujambula mmene yayankhira, nkusunga kafayilo kotchedwa impulse response. Kafayiloko umangokalowetsa mu Fruity Convolver yomwe ili kale mu FL Studio, sufunika kugula kanthu, ndipo pa intaneti alipo aulere ambiri, ndi tating'ono moti bando siyimva nkomwe. Kuipa kwake nkoti imayankha chimodzimodzi nthawi zonse, umenye mwamphamvu umenye pang'ono kamchira ndi komweko voliyumu yokha ndi yomwe yasintha, komanso sungaigwedeze. Mtundu wachiwiri ndi womwe akatswiri analemba masamu otsanzira sipuling'i yeniyeniyo, kutalika kwake, kukungika kwake, kuchuluka kwake. Apa pali Twangström ya u-he, pali Spring Reverb ya Softube yomwe ili ndi kogwedezera kuti upeze bingu lija, palinso Rev SPRING-636 ya Arturia yomwe inatsanzira Grampian 636, bokosi la ku Britain lomwe linatchuka mu dub. Izi ndi zamoyo, ukaikankha imayankha, koma zimadya mphamvu ya kompyuta kuposa kafayilo kaja, ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala fani ya laputopu imachita kulira kuposa nyimbo yomwe ukupangayo. Ine ndikangopeza kamvekedwe komwe ndikufuna ndimaijambuliratu kukhala audio nkuizimitsa pulaginiyo, zimathandizanso magetsi akathima mwadzidzidzi, ntchito yako imakhala ilipo.

Zogula izi mitengo yake ili mma dollar ndi ma euro, ndikudziwa mmene zinthu zilili. Koma chonde musathamangire zokuba zija zodzaza ndi mavairasi, laputopu imodzi yomweyo ndi yomwe ili ndi nyimbo za anthu omwe analipira kale. Yambani ndi Convolver, muphunzire kumva, zambiri zogulazo zili ndi demo yoyesera kaye.

Kagwiritsidwe kake ndi pomwe pagona nkhani. Ine sindiyika spring pa tchanelo cha gitala mwachindunji, ndimatsegula tchanelo china chapadera, pulagini ndimaisiya wet yokhayokha, kutanthauza kuti izitulutsa reverb yokha popanda mawu oyambawo, kenako ndimatumizako pang'ono kuchokera ku gitala kudzera pa send. Kutsogolo kwa pulagini ndimayika EQ, chosefera mawu okwera ndi otsika, nkudula zonse za pansi pa 250 Hz kapena 300 Hz, chifukwa mawu otsika akalowa mu sipuling'i amangopanga matope ndipo amalimbana ndi besi, pomwe mu reggae besi ndiye mwini nyumba. Kumwamba nako ndimadula cha mma 5 kHz, tanki yeniyeni simafika kutali kumwambako, ndiye ukasiya pulagini ikuwala kwambiri imamveka ya pulasitiki. Chinanso chomwe ambiri sachilabadira, tanki ya mu ampu ya gitala ndi ya mono. Ma pulagini amakupatsa stereo yotambalala ndipo imakoma mu hedifoni, koma ine ndimaibweza ku mono, gitala ndimaikankhira kumanzere pang'ono spring kumanja pang'ono, mpata wa pakati nkusiyira woyimba. Anthu athu ambiri amvera pa foni kapena pa kasipika ka Bluetooth kamodzi pa gombe akudikira mabwato a usipa, stereo yako yotambalalayo kumeneko kulibe.

Pa gitala ya skank, ija yodula ya tcha! tcha!, ndi pomwe spring imaonetsa ukatswiri wake. Chinsinsi ndi mphamvu yomwe ukulowetsa, yomwe pa Fender ija ankaitcha Dwell ndipo mma pulagini ena alemba Drive kapena Input. Ukaikweza kadontho kaja kamatuluka bwinobwino, ndiye mmalo mokweza voliyumu ya reverb kweza cholowacho kenako utsitse chotuluka. Woyimba gitala nayenso ali ndi mbali yake, akamasiya zingwe zikulira nthawi yaitali spring ilibe poonekera, imafuna mawu afupi akuthwa ndi kampata kachete pambuyo pake. Ndimawauza anyamata kuti achimwene dulani msanga, dzanja lamanzere limasuke mukangomenya, zotsalazo ichita yokha.

Pa snare ndiye osaisiya yotsegula nyimbo yonse ayi. Ndimajambula automation, mzere womwe umapotokola zinthu wokha nyimbo ikamalira, kuti send itseguke pa kumenya kumodzi kokha, mwina kumapeto kwa bar yachinayi kapena yachisanu ndi chitatu, kapena pomwe woyimba wapumira, kenako itsekeke. Kamodzi kameneko kamachita zambiri kuposa reverb yongolira osaleka, munthu womvera amachita kudzidzimuka mokoma nkumadikira kuti ibweranso liti. Ukafuna zifike patali, ika delay kutsogolo kwa spring kuti kubwereza kulikonse kuzigwera mu sipuling'i. Rimshot nayo imagwirizana nayo kwabasi. Kick ndi besi musayerekeze.

Pa mawu a munthu ndimasamala. Woyimba mmodzi wa reggae kapena wa nyimbo yodekha, pang'ono chabe pansi pa plate reverb, ija yotsanzira chitsulo chachikulu chopyapyala chonjenjemera, zimapatsa kafungo kakale kokoma. Koma makwaya omwe amabwera kudzajambula kuchokera ku Chipoka kapena ku Khombedza, anthu ambiri kuyimbira pamodzi ndi maseche ndi kuwomba mmanja, spring imasokoneza, kuwomba kulikonse kumabala kadontho kake ndiye zimangoti boyoyo boyoyo nyimbo yonse, uthenga osamveka. Kwaya ndimaipatsa plate kapena room yaifupi, spring nkupita pa gitala ya lead yokha yomwe imayankha pakati pa mavesi. Nyimbo zothamanga za masiku anozi nazonso zimafuna kamchira kafupi, kakatalika kamapondana ndi kumenya kotsatira.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi loti kodi pulagini ikufanana ndi yeniyeni? Ukaimvera payokha, makamaka pa bingu lija logwedeza, yeniyeni ili ndi ukali wina womwe kompyuta imangouyandikira. Koma ikalowa mu mikisi pamodzi ndi besi, ng'oma ndi mawu, ine khutu langa silisiyanitsa kwenikweni, ndipo womvera pa wayilesi sangasiyanitse. Komanso yeniyeni ili ndi mavuto ake, imatola kulira kwa magetsi ikayandikana ndi thiransifoma, pa jenereta ndiye imang'ung'udza, munthu akangoponda pansi mwamphamvu mu situdiyo yamveka kale, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno chimadya zitsulo. Pa laputopu utha kutsegula ziwiri zosiyana, ina ya gitala ina ya snare, mawa ukatsegula pulojekiti nkuzipeza mmene unazisiyira.

Komabe ma ampu akale aja alipo ambiri mma sitolo a matchalitchi kuyambira kuno mpaka ku Nkhotakota, sipika inang'ambika, anthu anagula zatsopano, akungodikira ogula zitsulo. Ngati kwanu kuli yotero ndipo pali chopotokola cholembedwa Reverb, musaitaye musanasuzumire pansi pake. Tanki ikakhala yamoyo titha kuiponyera sweep, mawu oyambira pansi nkumakwera mpaka kumwamba, kuchokera pa sound card, kujambula mmene yayankhira, nkupanga impulse response yathuyathu yoti aliyense alowetse mu Convolver. Madala aja a ku Kamuzu Road anavomera kale kuti mbali ya mawaya atithandiza, chomwe chikusowa pano ndi ma ampu oti tiyesere.