Zikomo nonse amene munali nafe pabwalo

Ife amayi a gulu la zisudzo tikuthokoza onse amene munatigwira mkono pa sewero lathu la pa 25 Novembala, tsiku loyamba la masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi.

Amfumu, munatipatsa bwalo ngakhale ena ankang'ung'udza kuti za msambo, mimba ndi thupi la mkazi n'za kutsimba basi. Agogo aja, munavula chitenje chanu chapamwamba n'kumangira mtsikana wathu chake chitang'ambika gule ali pakati, mwana sanasiye kuvina.

Koma inu bambo a kabaza, dzina simunatiuze. Sewero litafika pamene mwamuna akusolola lamba, tinaimitsa n'kufunsa kuti, "Alowererepo ndani?" Bwalo lonse linangoti zii. Inu munatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kulowa, n'kumuuza mwamunayo kuti kupirira kumene ankhoswe amanena si chilolezo chomenyera mkazi. Abambo olimba mtima chonchi ngosowa, tisanamizane.

Mayi wapolisi a ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, zikomo pofotokoza mofatsa lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, komanso podikira mpaka mdima kuti amayi amene ankachita manyazi pagulu akuoneni pambali.