Babu lofiira limene linasowetsa tulo njoka yanga

Kunena poyera kuti ndimaweta njoka kuno ku Kasungu n'kudziputira nkhani, chifukwa anthu ambiri akamva za njoka yokhala m'nyumba ya munthu amayamba aganiza za kukhwima, ndipo abale ena anasiya kulowa m'chipinda changa chowerengera kuyambira tsiku limene anaona bokosi lagalasi lili pakona. Njoka yake ndi chakusa, yofiirira ija imene imapezeka m'nkhokwe ndi m'zigafa za fodya ikusaka mbewa ndi makoswe, imene akatswiri amaiika m'gulu la Boaedon. Ilibe ululu wopha munthu, imagwira mbewa poizinga ndi thupi lake, ndipo imadziwika ndi timizere toyera todutsa m'mbali mwa mutu. Amene angakopeke ndi nkhaniyi ayambe wafunsa ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire, popeza lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola munthu kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo.

Vuto langa linayamba m'mwezi wa June, pamene chisanu cha kuno chimalowa m'mafupa m'bandakucha. Njoka sipanga kutentha m'thupi mwake monga mmene achitira munthu kapena nkhuku, koma imadalira kutentha kwa malo amene yagonapo, ndipo ikazizidwa kwambiri chakudya sichigayika m'mimba mwake, mwina imachita kusanza mbewa imene inameza dzana. Pochita mantha ndi zimenezi ndinapita kusitolo yogulitsa zakudya za nkhuku n'kugula babu lofiira lija limene alimi amafunditsira anapiye. Ndinali nditawerenga pa intaneti kuti njoka siziona kuwala kofiira, motero ndinaganiza kuti ndapeza zinthu ziwiri pa mtengo umodzi: njoka ifunda usiku wonse, ine ndiziionerera ikuyenda popanda kuisokoneza. Ndinalipachika patali ndithu pamwamba pa bokosi, n'kumaliyatsa dzuwa likangolowa mpaka kutacha.

Chimene ndinkafuna kuonererachi sichinaoneke. Njoka imene kale inkatuluka chisisira chikangogwa, n'kumayendayenda m'mbali mwa galasi ikutulutsa lilime, inalowa pansi pa phale la mphika limene ndinaiikira ngati pobisala ndipo inakhala momwemo. Ndikayang'ana m'mawa, utuchi unali wosalala monga ndinausiyira, wopanda mkukuluzi ngakhale umodzi. Ndinaiikira kambewa kawiri, sabata ziwiri zotsatizana, koma kanali kugona pomwepo mpaka ndikataye. Poyamba ndinadzitonthoza kuti ndi nyengo chabe, pakuti njoka zambiri zimachepetsa kudya m'nyengo yozizira, komanso zimakana chakudya zikatsala pang'ono kufundula. Koma maso ake sanachite mbuu monga amachitira ikamafuna kufundula, ndipo choyezera kutentha chinkaonetsa kuti m'bokosimo munali mofunda bwino lomwe.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi kuzima kwa magetsi. Usiku wina anazima cha m'ma 8 koloko, ndipo ndinakhalabe m'chipindamo mumdima, ndikudandaula kuti njoka izizidwa. Patapita mwina ola limodzi ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akukhuza chala pa pepala. Nditayatsa tochi ya foni n'kuiphimba ndi dzanja, ndinaiona njoka ili yense panja, theka la thupi litaimirira kutsamira galasi, lilime likulowa ndi kutuluka, mwana wa diso atakula mpaka diso lonse kuoneka lakuda bii. Mayi a kunyumba, amene njokayi saikonda n'komwe, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, inuyo mungagone babu likukuwalirani kumaso usiku wonse? Chinthu chanucho chimafuna mdima."

Ananena zoona, ndipo chifukwa chake chili m'diso la njoka lenilenilo. Njoka ilibe zikope. Diso lake ndi lophimbidwa ndi kakhungu koonekera ngati galasi, kamene kamachoka pamodzi ndi khungu lonse ikamafundula, motero siphethira ndipo imagona maso ali chitsegulire. Munthu kuwala kukamuvutitsa amatsinzina kapena kufunda bulangete kumutu, pamene njoka njira yake ndi imodzi yokha, kukabisa mutu pamalo amdima. Diso la chakusa linapangidwira usiku: masana mwana wa diso amachepa n'kukhala kamzere koimirira ngati ka mphaka, ndipo usiku amatambasuka kuti atole kuwala kochepa kulikonse kumene kulipo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, amene akatswiri a ku Natural History Museum ku London anatengapo mbali, anapeza kuti maso a njoka zosaka masana amatchinga kuwala kwa ultraviolet (kuwala kumene maso a munthu sakuona), pamene maso a njoka zoyenda usiku amakulola kudutsa kuti zithe kuona m'malo amdima. Diso lotere silingalephere kuzindikira kuti m'chipinda muli babu loyaka. Mwina mtundu wofiirawo njoka siiuona monga tiuonera ife, koma kusazindikira mtundu wa kuwala n'kosiyana ndi kusaona kuwalako, ndipo apa ndi pamene malangizo a pa intaneti aja anandisocheretsa.

Palinso nkhani ya nthawi. Thupi la njoka, monga la nyama zina zamsana, limasiyanitsa usana ndi usiku poyang'ana kuwala ndi mdima, ndipo mdima ukagwa limatulutsa michere yotchedwa melatonin, imene imathandiza kuyendetsa nthawi yopuma ndi nthawi yoyenda. Kwa chakusa, mdima ndiwo umaiuza kuti nthawi yosaka yakwana ndipo akabawi ndi adani ena a masana apita kukagona. Ine ndinali nditachotsa usiku m'bokosimo, motero njoka inakhala ikudikira mdima umene sunkabwera.

Ena amagulitsa mababu abuluu n'kumati ndi ofanana ndi kuwala kwa mwezi. Ine sindiwakhulupirira. Mwezi wathunthu, ngakhale uwale chotani pa Phiri la Kasungu, kuwala kwake pansi sikufika ngakhale lux imodzi (lux ndi muyezo wa kuchuluka kwa kuwala), pamene babu wamba la m'chipinda limapereka ma lux makumimakumi. Komanso mwezi umatuluka n'kulowa, umakula n'kuchepa, ndipo akatswiri anaona kuti njoka zina zoyenda usiku zimachepetsa kuyenda mwezi ukawala kwambiri poopa kuonedwa ndi akadzidzi. Babu loyaka chimodzimodzi usiku uliwonse silifanana ndi mwezi m'pang'ono pomwe.

Cholakwa changa chinali kuphatikiza zinthu ziwiri zimene zimayenera kusiyanitsidwa, kutentha ndi kuwala. Ndinachotsa babulo n'kuitanitsa kuchokera ku Lilongwe kamphasa kamagetsi kotenthetsa, kamene ndinakayala kunsi kwa bokosi mbali imodzi yokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti njoka izisankha yokha pakati pa pofunda ndi pozizira. Kamphasa kotere sikayenera kugwira ntchito popanda thermostat, kachipangizo kodula magetsi kutentha kukafika pa mlingo umene munthu waika, chifukwa njoka imatha kugona pamalo otentha kwambiri mpaka kupsa pamimba isanasunthe. Yanga ndinaiika pa madigiri 30, ndipo mbali inayo ndimaisiya izizire usiku monga zimachitikira kutchire. Kulinso ziwiya zadothi zolowa m'malo mwa babu, zimene zimatulutsa kutentha kopanda kuwala, koma zimadya magetsi ambiri ndiponso zimaumitsa mpweya m'bokosi.

Za kuwala kwa masana sindinavutike nazo. Kasungu ali pafupi madigiri 13 kumwera kwa equator, motero usana wathu umangosintha kuchoka pa maola 11 ndi mphindi zingapo mu June kufika pafupifupi maola 13 mu December, ndipo oweta njoka a ku Ulaya amachita kugula mawotchi oyatsa ndi kuzimitsa magetsi pofuna kutsanzira zimene ife zenera limatipatsa kwaulere. Chofunika n'chakuti dzuwa lisawombe pagalasi mwachindunji, chifukwa bokosi lotseka limatentha msanga ndipo njoka ingafe m'kanthawi kochepa. Chimene ndinachedwa kuchizindikira ndi getsi la panja lotetezera akuba, limene linkalowa pazenera n'kugwera pabokosi penipeni. Tsopano ikakwana 6 koloko madzulo ndimaphimba mbali imeneyo ndi chitenje chakale chakuda, n'kusiya pamwamba kuti mpweya uzilowa.

Patatha masiku asanu ndi limodzi chichotsereni babu ndinaika kambewa madzulo, ndipo kutacha ndinapeza kulibe, njoka itagona mbali yofunda ndi kachotupa pakati pa thupi, utuchi wonse uli mikukuluzi yokhayokha. Kuionerera ikuyenda tsopano ndimachita mwa apo ndi apo, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndi tochi yophimbidwa ndi dzanja. Babu lofiira lija mayi a kunyumba analitenga, ndipo likufunditsa anapiye awo m'khola kuseri kwa khitchini.